Siteki Yofewa: Kugula kwa Butchala Kapena kwa Mlimi wa Ng'ombe?

Mayi wina amene ali ndi malo odyera pa Kamwendo, m'boma la Mchinji, wafunsa motere: "Makasitomala anga ayamba kufuna siteki, koma nyama imene ndimagula m'mawa uliwonse, ngakhale ikhale yofiira bwino ndiponso yophedwa tsiku lomwelo, ndikaikazinga imatuluka yolimba ngati chikopa. Anzanga akundilangiza kuti ndisiye kugula kwa mabutchala, ndizigula ng'ombe yathunthu kwa alimi kumudzi. Kodi nyama yabwino ndingaizindikire bwanji, nanga njira yanzeru ndi iti pa ziwirizi?"

Mayi, funso lanu landikhudza chifukwa ndagwira ntchito yoyeza nyama m'malo ophera ng'ombe kwa zaka zambiri, ndipo ndaona amayi ambiri akudziimba mlandu wosadziwa kuphika pamene vuto linayambira kutali, nyamayo isanafike n'komwe kukhitchini kwawo. Ndiyamba ndi mawu anu omwe akuti nyamayo ndi yophedwa tsiku lomwelo, pakuti chimene inu mukuchiwerengera kuti ndi ubwino ndicho chimodzi mwa zinthu zimene zikukulimbitsirani siteki.

Ng'ombe ikangophedwa, minofu yake imakhala yofewa kwa maola ochepa chabe, kenaka imayamba kukokana mpaka kuuma gwa, ndipo kuumako kumafika pachimake pakati pa maola 12 ndi 24. Tsono ng'ombe ikaphedwa mbandakucha, inu n'kukagula nyama yake cha m'ma 8 koloko, n'kuikazinga masana, imakhala ili mkati mwa kukokanako, moti ngakhale mutakhala katswiri wotani pamoto, nsagwada za kasitomala zidzatopa ndithu. Nyama imayamba kufewa kuumako kukadutsa, pamene zinthu zachilengedwe zimene zili m'minofu momwemo zimayamba kumasula ulusi wake pang'onopang'ono. N'chifukwa chake malo akuluakulu ophera ng'ombe amapachika nyama m'chipinda chozizira madigiri 0 mpaka 4 kwa masiku 7 mpaka 14 asanadule siteki. Siteki yofewa imene anthu amaitama m'mahotela a ku Lilongwe kawirikawiri imakhala nyama imene yapatsidwa nthawi yotereyi.

Inunso mungachite zofananako ngati muli ndi furiji yodalirika. Gulani mnofu waukulu wosaduladula, wa makilogalamu awiri kapena atatu, muuike pakawaya kuti madzi azidonthera m'mbale pansi, ndipo muusiye m'chigawo chozizira chabe, osati choumitsa, kwa masiku atatu kapena anayi musanaudule. Chimene simuyenera kuchita, ngakhale ambiri amachita poopa kuti nyama iwonongeka, ndi kuponya mufiriza nyama imene ikadali yofunda kuchokera kophera, chifukwa mnofu woumitsidwa usanamalize kukokana umakhwinyata kwambiri pousungunula ndipo umataya madzi ambiri. Koma ngati magetsi kwanuko amazima maola ambiri, njira imeneyi musaiyese, pakuti nyama yosiyidwa pa kutentha kwa mwezi wa Okutobala siifewa ayi, imaola.

Chinthu chachiwiri ndi malo amene mnofuwo wachokera pathupi la ng'ombe. Mabutchala ambiri a m'misika yathu amagawa nyama pawiri basi: pali imene amaitcha siteki, kutanthauza mnofu uliwonse wopanda fupa, ndiponso pali yosakaniza ndi mafupa imene amaidula ndi nkhwangwa pachitsa. Choncho mukanena kuti mukufuna siteki, akhoza kukupatsani mnofu wa pantchafu, wa paphewa, ngakhale wa pakhosi, ndipo sanakunamizeni malinga ndi mmene iwo amagwiritsira ntchito mawuwo. Dziwani kuti mnofu umene umagwira ntchito kwambiri ng'ombe ikamayenda, ikamakoka kapena ikamaweramira msipu umakhala ndi mitsempha yambiri, pamene umene umangotsamira msana umakhala wofewa. Wofewetsetsa ndi umene amautcha fillet, wowonda ndi wautali, umene uli mkati, kunsi kwa fupa la msana pafupi ndi impso. Pamwamba pa fupa lomwelo, kuchokera pa nthiti yomaliza kukafika m'chiuno, pali sirloin, kutsogolo kwake pamwamba pa nthiti pali rib eye, ndipo pachiuno penipeni pali rump. T-bone ndi fupa la msana lodulidwa mopingasa, lokhala ndi sirloin mbali ina ndi fillet mbali inayo. Imeneyi ndiyo minofu yoyenera kukazinga kapena kuwotcha kanyenya mwachangu.

Nyama ya pakhosi, pachidale, pamwendo, mchira ndi mang'ina si yoipa ayi, ndipo kwa ine ndi imene ili ndi kukoma kwenikweni kwa ng'ombe, koma imafuna mphika ndi moto wodekha kwa maola awiri kapena atatu kuti mitsempha isungunuke n'kukhala msuzi wokhathamira wodyera nsima. Linunda la ng'ombe zathu nalonso lili ndi mafuta olowerera mkati mwa mnofu, ndipo likaphikidwa mofatsa limaposa siteki yambiri yamtengo wapatali.

Chachitatu ndi msinkhu wa ng'ombeyo. Ng'ombe zambiri za kwathu kuno ndi za mtundu wa Malawi Zebu, zazing'ono thupi, za linunda, zopirira matenda ndi chilala, ndipo pali zina zosakanizidwa ndi mtundu wina wa ng'ombe wotchedwa Brahman zimene zimakula kuposerapo. Mlimi wa ku Mchinji ng'ombe amaisunga ngati banki, moti saigulitsa pa msinkhu umene nyama yake ili bwino, koma pamene vuto lamugwera kapena pamene ng'ombeyo yatha ntchito. Zimene zimafika kophera nthawi zambiri ndi ng'ombe zimene zakoka ngolo ya fodya ndi chimanga kwa zaka zambiri, zazikazi zimene zaleka kuswa, ndi nkhunzi zokalamba. Ng'ombe ikamakula mitsempha ya m'minofu yake imakhwima, ndipo palibe furiji imene ingaibwezere ubwana. Yabwino pa siteki ndi yaimuna yofulidwa ya zaka ziwiri ndi theka mpaka zinayi. Pa nyama yopachika msinkhu umaoneka pamafupa: ng'ombe yaing'ono nthiti zake zimakhala zopapatiza ndi zofiirira, ndipo nsonga za mafupa a msana zimakhala ndi kafupa kanthete koyera kofewa kamene mpeni umadula, pamene yokalamba nthiti zake ndi zotambalala, zoyera mbee, ndipo nsonga zija zimakhala zitasanduka fupa louma. Mnofu wa yaing'ono ulusi wake ndi wosalala, wa yokalamba ndi wokhakhala ndipo mtundu wake ndi woderako.

Pa nkhani ya mtundu, kufiira kokha kusakunyengeni. Mnofu wongodulidwa kumene umakhala wofiira moderako, ukakhala pamphepo kwa theka la ola umawala, ndipo ukakhalitsa umayamba kuoneka ngati dothi. Mafuta achikasu nawonso asakuopseni, chifukwa ng'ombe yodya msipu wobiriwira imasunga chikasu cha m'udzuwo m'mafuta ake, makamaka ikakhala yaikulu. Chikasu choyenera kuchiopa ndi chimene chafalikira ngakhale m'mitsempha, m'timinofu toyera ndi m'malo olumikizira mafupa, pakuti chimenecho chimasonyeza kuti ng'ombeyo inkadwala.

Pali mtundu wina wa nyama umene ndikufuna muudziwe bwino, chifukwa umapezeka kawirikawiri m'misika yathu. Ndikukumbukira tsiku lina ng'ombe ziwiri za khola limodzi, za msinkhu wofanana, zinaphedwa m'mawa umodzi. Imodzi inafika dzana lake n'kugona pamthunzi ikumwa madzi, pamene inzake anaiyendetsa tsiku lonse padzuwa akuikwapula, inafika usiku thovu lili kukamwa, ndipo inaphedwa isanapume. Titazipachika moyandikana, madzulo ake yoyamba inali yofiira bwino ndi yonyowerera, koma yachiwiri inali yakuda bii, youma pamwamba, yomata m'zala ngati ulimbo, ndipo m'nthiti ndi m'matako munali zigamba za magazi oundana mmene munadutsa chikwapu. Chimene chimachitika n'chakuti m'minofu mumakhala shuga wosungidwa amene ng'ombe ikafa amasanduka asidi, ndipo asidiyo ndi amene amapatsa nyama mtundu wabwino n'kuiteteza kuti isawonongeke msanga. Ng'ombe yotopa ndi yoopsezedwa imatha shugayo ikadali moyo, choncho muyeso wa asidi wa mu nyama wotchedwa pH, umene uyenera kutsika kufika pa 5.5 kapena pafupi pamenepo, umatsalira pamwamba pa 6. Nyama yotere siikoma, ndipo imanunkha msanga kuposa inzake ngakhale zonse zili mufuriji imodzi. Mukaiona, ipitirireni ngakhale akutsitsireni mtengo.

Zonsezi ndi za kukoma, koma pali za moyo wa anthu amene mukuwadyetsa, ndipo pamenepa sindinyengerera. Nyama yogulitsa iyenera kuyezedwa ndi alangizi a ziweto a boma kapena ogwira ntchito zaumoyo amene anapatsidwa udindowo, ng'ombe isanaphedwe ndiponso itaphedwa, ndipo yovomerezeka imadindidwa chidindo. Woyeza amacheka minofu ya m'masaya, lilime ndi mtima kufunafuna timatuza toyera tonga njere ya mpunga, timene munthu akadya tosapsa timasanduka njoka yaitali ya m'mimba. Amang'amba chiwindi kuona ngati muli tizilombo taphanthiphanthi tonga tsamba, timene ng'ombe zimatenga podya m'madambo, ndipo ng'ombe zodya m'mbali mwa mitsinje ya Bua ndi Rusa zimakumana nato kwambiri. Amayang'ananso mapapo ndi mwanabele kuona zizindikiro za chifuwa chachikulu cha ng'ombe, chimene chimagwiranso anthu. Mukafika pabutchala funsani kuti chidindo chili pati, ndipo butchala woona mtima adzakuonetsani pantchafu kapena paphewa popanda kukwiya.

Nyama yotchipa yobwera pa njinga madzulo, yokulungidwa m'thumba, imene mwini wake akunena kuti ng'ombe inathyoka mwendo, musaigule. Ikhoza kukhala yakuba, ikhozanso kukhala yofa yokha. Ng'ombe imene yafa mwadzidzidzi, n'kutupa msanga, magazi akuda osaundana akutuluka m'mphuno ndi kumbuyo, ikhoza kukhala kuti yafa ndi anthrax, matenda amene amagwira munthu ngakhale pongosenda chikopa. M'chaka cha 2023 matendawa anavuta kwambiri ku Zambia ndipo anapezekanso m'Malawi muno, tsono ife amene tili m'malire, kumene ziweto ndi nyama zimadutsa njira zachidule, tiyenera kusamala koposa. Ng'ombe yotere siiyenera kutumbulidwa n'komwe, koma kuitanira alangizi a ziweto.

Zina zonse pabutchala maso anu adzakuuzani: ngati pali sefa wotchinga ntchentche, ngati pali madzi osamba m'manja ndi otsukira mipeni, ngati zam'kati zaikidwa padera osati kusanjikiza pa mnofu, ndiponso ngati chitsa chodulirapo amachipala n'kuchithira mchere akaweruka. Dinikizani mnofu ndi chala, ndipo wabwino umabwerera pamalo pake osasiya dzenje. Nunkhizani pafupi ndi fupa, chifukwa m'pamene kuwonongeka kumayambira. Sikelo ya malonda imayenera kuyezedwa ndi a bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, komabe si kulakwa kukhala ndi kasikelo kanu kukhitchini n'kumayezanso mukafika. Nyama yogaya muziigayitsa inu mukuona, kuchokera ku mnofu umene mwasankha nokha.

Tsopano ndibwere ku malangizo a anzanu aja. Kugula ng'ombe yathunthu kumaoneka kotchipa mukangoyerekeza mtengo wa ng'ombe ndi mtengo wa kilogalamu pabutchala, koma tiyeni tiwerengere bwino. Ng'ombe yathu ya makilogalamu 250 ikadali moyo, mukachotsa mutu, chikopa, mang'ina, magazi ndi zam'kati, imatsala pafupifupi theka, ndiye kuti makilogalamu 125. Mukachotsanso mafupa ndi zotaya, mnofu weniweni umatsala makilogalamu 85 mpaka 90. Pa mnofu umenewu, woyenera siteki yokazinga, ndiye kuti fillet, sirloin, rib eye ndi rump pamodzi, umangokwana makilogalamu 15 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo fillet yokha ya mbali zonse ziwiri ili pafupifupi makilogalamu awiri basi. Munthu wogula ng'ombe chifukwa chofuna siteki amapezeka kuti wagula makilogalamu pafupifupi 70 a nyama ya mphika imene sanaikonzekere. Onjezerani ndalama za mayendedwe, za malo ophera, za woyeza, za osenda, ndiponso chiopsezo chakuti chiwindi kapena ng'ombe yonse ikakanidwa poyeza, kuluza kumakhala kwanu, pamene mukagula pabutchala chiopsezo chimenecho wasenza kale ndi butchala.

Malinga ndi mmene mwafotokozera malo anu, maganizo anga ndi akuti musachoke kwa butchala, koma musinthe kagulidwe. Sankhani mmodzi amene amapha ng'ombe zoyezedwa, mumuuze dzulo lake kuti mukufuna mnofu wa pamsana wathunthu, ndipo masiku oyambirira mufike m'mamawa pamene akugawa nyama kuti mumulozere ndi chala mnofu umene mukunena asanaudule ndi nkhwangwa. Mumulonjeze kuti muziutenga sabata iliyonse ndipo muvomere kuwonjezerako pang'ono pa kilogalamu, chifukwa butchala amene akudziwa kuti ali ndi kasitomala wokhazikika amayamba kukumbukira inu akamasankha ng'ombe kumsika, ndipo adzakuuzani yekha tsiku limene wapha yokalamba kuti mudikire. Ng'ombe yathunthu ikhale ya nthawi ya ukwati, chiliza kapena Khrisimasi, kapenanso pamene mwagwirizana ndi anzanu atatu kapena anayi a malo odyera kuti mugawane, wina atenge zam'kati ndi mang'ina, wina nyama ya mphika, inu mutenge msana.

Tsiku limenelo likadzafika, nyengo idzakuthandizani kapena kukupwetekani. Ng'ombe zodya kutchire zimakhala zonenepa kuyambira Epulo mpaka Julayi, pamene zadya msipu wa dzinja lonse ndiponso zikulowa m'minda kudya mapesi ndi zotsalira za mtedza ndi soya, mbewu zimene Mchinji ili nazo zochuluka. Pofika Okutobala ndi Novembala msipu umakhala utauma kapena kupsa ndi moto, ng'ombe zimaonda, ndipo mvula yoyamba ikagwa zimatsekula m'mimba ndi udzu wanthete zisanayambe kubwerera m'thupi. Ngati mukufuna nyama yabwino m'miyezi imeneyo, funani mlimi amene amanenepetsa ng'ombe m'khola, amene amaitsekera kwa miyezi itatu kapena inayi akuipatsa gaga, zotsalira za mtedza, mchere ndi madzi okwanira. Ulimi umenewu ndi wakale m'chigawo chapakati, ndipo alangizi a ziweto a m'dera lanu amawadziwa alimi amene akuuchitabe. Ng'ombe yotere mafuta ake amakhala oyererako ndipo ena amalowerera mu mnofu ngati timizere, ndiwo amene amafewetsa siteki pamoto.

Pakhola musakhulupirire zaka zimene mwauzidwa musanaone m'kamwa. Ng'ombe ilibe mano akutsogolo kumwamba, ili nawo asanu ndi atatu kumunsi. Mano aubwana ndi ang'onoang'ono, ndipo amagweruka awiriawiri kuyambira pakati, m'malo mwake n'kumera akuluakulu otambalala. Awiri oyamba amamera ng'ombe ikafika zaka ziwiri kapena kupitirirako pang'ono, ndipo onse asanu ndi atatu amakwanira ikafika zaka zinayi mpaka zisanu. Ya mano aakulu awiri mpaka asanu ndi limodzi ndiyo yanu, koma ya mano operepeseka ndi otalikirana ndi nkhalamba. Yang'anani pakhosi ngati pali chipsera cha goli. Gwirani pamsana ndi patsinde pa mchira: mukamva mafupa akubaya m'manja ndiye kuti mnofu ndi wochepa. Maso akhale owala, mphuno yonyowa, ndipo iziyenda osatsimphina. Pemphani mlangizi ayeze chifuwa ndi tepi yake yoyezera kulemera kwa ng'ombe, kuti mukambirane mtengo pa makilogalamu osati pa maso okha.

Funsaninso mlimi ngati ng'ombeyo yabayidwa jakisoni kapena kumwetsedwa mankhwala posachedwa. Mankhwala aliwonse ali ndi masiku ake odikira olembedwa pabotolo, ndipo ena mwa majakisoni okhalitsa m'thupi amafuna milungu itatu, inayi kapena kuposerapo nyama isanadyedwe. Ng'ombe imene mwini wake akuigulitsa mothamanga pambuyo poibaya mankhwala nthawi zambiri imakhala kuti yakanika kuchira. Musanapereke ndalama, pakhale kalata ya amfumu a m'mudzimo yotsimikiza kuti ng'ombeyo ndi ya wogulitsayo, pakhale mboni, ndipo mutenge chilolezo choyendetsera chiweto ku ofesi ya za ziweto. Kumeneko adzakuuzaninso ngati boma laletsa kuyendetsa ndi kupha ng'ombe chifukwa cha matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, amene Mchinji inakumanapo nawo kale. Ng'ombe ifike kophera tsiku limodzi isanaphedwe, ipume maola 12 mpaka 24 pamthunzi, imwe madzi mmene ingafunire, ndipo pasakhale woikwapula kapena agalu oiuwa. Ngati pakati pa makasitomala anu pali Asilamu, konzani kuti aichinje ndi munthu wovomerezeka pa chipembedzo chawo.

Mnofu wabwino ukafika m'manja mwanu, uduleni mopingasa ulusi, osati motsatira, mochindikala masentimita awiri, ndipo muupukute kuti uume musanauike pachiwaya chotentha kwambiri. Ukapsa, muusiye mphindi zingapo musanaupereke kuti madzi ake akhazikike. Ngati nyama ndi ya ng'ombe yokulirapo, ipakeni papaya wosapsa wopalapala kwa theka la ola, kenaka muitsuke, koma musapitirize nthawiyo chifukwa imafewa mpaka kuphwanyika ngati phala. Ndipo popeza timatuza tija tikhoza kubisala ngakhale pa nyama yoyezedwa, siteki ya m'misika yathu izipsa mpaka mkati, isamatuluke magazi.

Sabata ino yesani chinthu chimodzi kuti mudzionere nokha. Lolemba gulani sirloin ya makilogalamu awiri kwa butchala amene mwamusankha, muidule pakati, theka mukazinge tsiku lomwelo monga mwa masiku onse, ndipo theka linalo muliike pakawaya mufuriji mpaka Lachinayi. Mukazinge pamoto wofanana, ndi mchere wofanana, ndipo mupatse kasitomala yemwe uja amene anadandaula poyamba.